Boma likachedwetsa penshoni, lilipire ndi chiwongoladzanja

Malume anga ali ndi jumbo ya buluu imene salola mwana aliyense kuikhudza. Imagona pansi pa matiresi. M'katimo muli kalata yowalemba ntchito m'boma, yotayipidwa kalekale ndipo yayamba kung'ambika m'mapindo, kalata yowakhazikitsa pa ntchito, makalata owakweza udindo, mapepala a malipiro a miyezi yomaliza ndi fotokope ya chiphaso cha unzika. Kwa zaka ziwiri jumbo imeneyi inayenda maulendo ambiri kuposa munthu aliyense m'banja mwathu. Malumewo ankadzuka tambala woyamba, kuvala jekete lomwe ankapita nalo kuntchito, kukwera minibasi ya kutauni, n'kukakhala pa benchi pakhonde la ofesi ina kudikira kuti wina awauze pamene pafika fayilo yawo.

Tsiku lina ndinawaperekeza. Tinafika mame asanakamuke, koma tinapeza anzawo atandanda kale, aliyense ndi envulopu yake kukhwapa. Ankadziwana mayina, ankafunsana za odwala kunyumba, ndipo wina akasowa ankafunsa ngati walandira kapena watisiya. Dzuwa litapendeka, kalaliki anatiitana. Anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, ndipo sanali wamwano ayi.

"Pepani bambo, fayilo yanu ilipo ndithu, koma ikudikira siginecha. Abwana ali ku msonkhano kunyanja. Mubwerenso sabata ya mawa."

Malume anavula chipewa. "Zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni."

Tili pa depoti ndinalephera kupirira. "Malume, nanga mumathokoza chiyani pamenepa?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa dzulo. "Mphwanga, munthu amene wagwira fayilo yako sukangana naye."

Kuthokoza kuja kumandiwawabe mpaka lero, chifukwa kukusonyeza mmene tazolowerera kuona nkhani imeneyi mozondoka. Munthu wopuma pa ntchito akapita kukafunsa za penshoni yake, ife timamuona ngati wopempha, iyenso amadziona choncho, ndipo wa muofesi amamulandira ngati akumuchitira chifundo. Koma penshoni si mphatso. Ndi gawo la malipiro limene munthu anavomera kuti alandire mtsogolo. Mphunzitsi amene anakhala zaka 30 m'nyumba yodontha kusukulu ya kumudzi, namwino amene anagona pa chipatala chopanda magetsi, wapolisi amene anasamutsidwa kuchoka ku Chitipa kupita ku Nsanje osafunsidwa maganizo, onsewa ankalandira zochepa podziwa kuti kumapeto kuli kanthu. Tsiku lopuma likakwana, boma limasanduka wangongole, ndipo wopumayo ndiye mwini ndalama. Kumudzi kwathu wangongole ndi amene amavula chipewa.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Imfa siyimba ng'oma, namondwe Freddy sanayimbe ng'oma yokwanira pamene anakokolola midzi mu March 2023. Koma kupuma pa ntchito kumayimba ng'oma zaka makumi atatu. Tsiku limene munthu walembedwa ntchito m'boma, tsiku lake lobadwa limalowa mu fayilo, ndipo aliyense wodziwa kuwonkhetsa angathe kunena mwezi ndi chaka chimene munthuyo adzakwanitse zaka 60. Chodabwitsa n'chakuti mbali imodzi ya boma siiwala tsikuli. Dzina limachotsedwa pa mndandanda wa olandira malipiro pa nthawi yake yeniyeni, osaphonya ndi mwezi umodzi womwe. Kompyuta imene imadziwa kutseka malipiro ndi yomweyo imene imati sikudziwa poyambira penshoni. Apa mpamene ndimakana kumva zoti vuto ndi kusowa kwa luso kapena zipangizo. Pamene ndalama ikutsala m'thumba la boma, zinthu zimayenda msanga. Pamene ikutuluka kupita kwa nkhalamba, fayilo imayamba kudwala nyamakazi.

Tiyeni tione chimene kuchedwaku kumadya. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene anapuma kumayambiriro kwa 2022 n'kudzalandira ndalama zake kumayambiriro kwa 2024 analandira nambala yomweyo imene inawerengedwa pa tsiku lopuma, koma simenti, malata, feteleza, mafuta ophikira ndi fizi ya mwana zinali zitasamuka kale pamene zinali. Pa pepala palibe tambala imene yasowa, owerengera ndalama za boma akabwera apeza zonse zili bwinobwino. Koma munthuyo wabeledwa ndithu, ndipo palibe polisi imene angakadandauleko.

Ndiye pali miyezi ya pakatiyo, pamene malipiro atha koma penshoni sinayambe. Mimba sidziwa zoti siginecha ili kunyanja. Munthu amayamba ndi kugulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako amakongola ku banki mkhonde kudzera mwa mkazi wake, ndipo mapeto ake amagwa m'manja mwa akatapila. Akatapila amawadziwa bwino opuma pa ntchito, amawakonda kuposa makasitomala ena onse, chifukwa amadziwa kuti tsiku lina chindalama chidzagwa. Amasunga khadi la ku banki la nkhalambayo, ndipo ndalama ikalowa woyamba kudziwa ndi iwo. Ndaonapo munthu akulandira ndalama za zaka 30 Lachiwiri, pofika Lachisanu n'kukhala atagawira eni ngongole theka lake. Kenako anthu pamudzi amayamba kumunena kuti anadyera mowa.

Tsono taonani mmene boma lomwelo limachitira pamene ilo ndilo likudikira. Wamalonda akachedwa kupereka msonkho ku MRA, samuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amamulipitsa chindapusa ndi chiwongoladzanja pamwamba, ndipo akapitiriza amamutsekera bizinesi. Sindikutsutsa zimenezo, lamulo ndi lamulo. Taonaninso mmene limachitira likakongola ku mabanki a m'dziko muno. Limabweza pa tsiku lake, ndi chiwongoladzanja chimene m'zaka zapitazi chakhala chikudutsa 20 peresenti pa ngongole zambiri, moti kubweza chiwongoladzanja chokha kumadya gawo lalikulu la bajeti ya dziko. Palibe nduna imene ingayerekeze kuuza banki kuti ibwerenso sabata ya mawa. Choncho boma limadziwa bwino lomwe kuti ndalama ili ndi mtengo wa nthawi. Limadziwa polanga wamalonda, limadziwa posangalatsa banki. Limangoiwala likafika pa mphunzitsi wopuma.

Kunena mosapsatira, kuchedwetsa penshoni ndi njira imene boma limakongolera ndalama kwa anthu osauka popanda kuwapempha ndiponso popanda chiwongoladzanja. Ndi ngongole yotchipa kuposa ina iliyonse imene boma lingapeze, ndipo n'chifukwa chake chizolowezichi sichitha. Mwezi ukavuta ku Treasury, amene amasankha zoyamba kulipira amayang'ana amene angachite phokoso. Ogwira ntchito angathe kunyanyala, mabanki angathe kukana kubwereketsanso, ogulitsa mafuta angathe kuimitsa dziko. Wopuma pa ntchito alibe chonyanyala. Mgwirizano wa apantchito umene ankasonkhako mwezi ndi mwezi uli kalikiliki ndi nkhani za amene akadali pa ntchito. Chimene watsala nacho ndi benchi ija.

Maganizo anga ndi akuti lamulo liike tsiku. Ngati ndalama zopumira sizinalowe pakatha masiku 90 munthu atapuma, ziyambe kubereka chiwongoladzanja pa mlingo womwewo umene boma limalipira mabanki, ndipo chizilowa chokha, osati mpaka munthu akasume ku khothi kapena kukadandaula kwa Ombudsman. Komanso dzina la munthu lisachotsedwe pa malipiro mpaka mwezi umene penshoni yake yoyamba yalowa. Zikatero mudzaona mafayilo akuthamanga okha m'makonde, chifukwa kuchedwa kudzakhala ndi mtengo wooneka mu bajeti, ndipo mlembi wamkulu wa unduna adzafunsidwa ndi aphungu kuti ndalama zimenezi zatayika bwanji.

Ena adzati chiwongoladzanjacho chidzachokera m'misonkho ya tonsefe, ndiye tikudzilanga tokha. N'zoona kuti chidzachokera kumeneko. Koma mtengo wa kuchedwa ulipo kale ngakhale lero, kungoti ukusenzedwa ndi munthu mmodzi wa zaka 61 m'malo mogawana dziko lonse. Ngati pali wolipira, ndi bwino akhale amene ali ndi mphamvu yokonza vutolo.

Ena adzati boma liyenera kufufuza mosamala chifukwa pali mizukwa yolandira penshoni, anthu oti anamwalira kapena sanakhaleko n'komwe. Izinso n'zoona, ndipo ndalama za boma ziyenera kutetezedwa. Koma tifunsane bwinobwino, mzukwa umalowa bwanji mu kompyuta ya boma? Nkhalamba ya ku Ntchisi ilibe pasiwedi. Pa Cashgate ya 2013, mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill kupita ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale pensulo, ndipo macheke ake ankasayinidwa mwa masiku owerengeka. Palibe amene anauzidwa kuti abweretse kalata yake yoyamba ya 1985. Kusamala kwathu kumakula pamene wolandira ali wofooka. Ndipo kuyambira 2017 dziko lino lili ndi ziphaso za unzika zokhala ndi zidindo za zala. Ngati cholinga ndi kutsimikiza kuti munthu ali moyo, zimenezo zingachitike ku ofesi ya DC kwawo komweko, kapena wogwira ntchito mmodzi wa njinga yamoto angathe kuyendera amene sangathe kuyenda. Kuitanitsa munthu wodwala shuga ndi BP kuti akwere basi usiku wonse kukaonetsa nkhope n'kulanga wosalakwa chifukwa cha tchimo la wa muofesi.

Ndipo nanga bwanji wogwira ntchito ndiye azisunga makalata amene bwana wake analemba? Kalata yokweza udindo ikasowa mu fayilo, amauza mwini wake kuti akaifune. Anailemba ndi boma, anaisunga ndi boma, anaitaya ndi boma, koma woyenda ulendo ndi iye. Akamwalira asanalandire, mtolo umagwera mkazi wamasiye, amene mwina sanaonepo n'komwe khomo la ofesiyo, ndipo pamenepo abale a mwamuna amakhala atayamba kale kuwerengera ndalama zimene sizinabwere.

Kunja kwa boma zinthu sizili bwino kwenikweni. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba anthu ntchito kuti aziika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuikapo 5 peresenti. Linali lamulo labwino, ndipo mu 2023 linakonzedwanso kuti munthu azitha kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi akapuma, komanso kuti wochotsedwa ntchito asamadikire nthawi yaitali monga kale. Koma mabwana ambiri amadula 5 peresenti ija pa malipiro, imaoneka pa pepala kuti yadulidwa, koma osaitumiza. Banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira nkhani za penshoni, yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabiliyoni osatumizidwa, ndipo ena mwa ochedwetsawo ndi makampani a boma lenilenilo. Mlonda kapena dalaivala amadzazindikira tsiku lopuma kuti thumba lake ndi lopepuka. Kudula ndalama ya munthu n'kuigwiritsa ntchito ina, pa Chichewa pali dzina lake, ndipo wantchito atachita zomwezo ndi ndalama ya kampani angagone m'chitokosi tsiku lomwelo. Nanga boma lidzakalipira bwanji mwini fakitale pamene ilo lomwe lili ndi mlandu womwewo? Achinyamata a m'boma amene anasamutsidwira ku ndondomeko yosonkha mu 2017 asaganize kuti nkhaniyi ndi ya madala okha. Ndalama yawo ikachedwa kufika ku thumba, imataya phindu limene ikanabereka, ndipo adzaliona bala lake patapita zaka 25.

Matenda omwewa amafikanso kwa anthu amene sanalembedwepo ntchito n'kamodzi komwe. Mtukula Pakhomo anayamba mu 2006 ku Mchinji ngati kuyesa chabe, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Amasankha mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse, n'kumawapatsa kangachepe, ndi kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pa sukulu. Ndi imodzi mwa ndondomeko zochepa zimene ndingaimirire n'kuziteteza popanda manyazi. Ndaona gogo wolera zidzukulu zinayi akugula nkhuku ziwiri, chaka chinacho mbuzi, kenako malata asanu. Koma mphamvu ya ndalama yochepa chonchi ili pa kudziwika kwa tsiku lake. Gogo akadziwa kuti ibwera mwezi wakuti, wagolosale amamukongoza sopo ndi mchere, ku banki mkhonde amamulandira, ndipo sagulitsa chimanga chake chikadali m'munda. Ikadumpha miyezi inayi n'kudzabwera pamodzi, nambala imakwana koma mbuzi ija inapita kale mu February, mwana uja anasiya sukulu n'kuyamba ganyu. Ndipo gogoyo sangafunse, chifukwa amaopa kuti akalankhula dzina lake lifufutidwa. Amadziwa kuti pakhomo loyandikana nalo pali wina wosauka chimodzimodzi amene sanalembedwe, ndipo akungodikira malo.

Chinanso chochititsa manyazi n'chakuti kwa zaka zambiri boma lathu lakhala likulipira lokha boma limodzi la Thyolo, kwinaku maboma enawo akudalira World Bank, dziko la Germany, European Union ndi Ireland. Andale akafika pa msonkhano amatchula Mtukula Pakhomo ngati atulutsa m'thumba mwawo, amayi n'kuvina. Koma khasu lobwereka mwini wake amalifuna nthawi ina iliyonse, ndipo taona kale mmene maiko olemera akuchepetsera thandizo. Ngati timakhulupiriradi kuti gogo uja ndi udindo wathu, ndalama yake iyenera kukhala ndi mzere wake mu bajeti umene sukhudzidwa, monga mmene zilili ndi malipiro a aphungu. Sindinamvepo kuti phungu wadikira zaka ziwiri ndalama zake za kumapeto kwa teremu, kapena kuti mtsogoleri wopuma wauzidwa kuti fayilo yake yasowa.

Maiko ena osalemera kwenikweni anadutsa kale pamene ife tikukangana. Botswana inayamba kupereka penshoni kwa okalamba onse mu 1996. Lesotho inayamba mu 2004 kwa aliyense wa zaka 70, ndi ndalama zake zomwe. Zanzibar inatsatira mu 2016. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti sipafunika komiti ya m'mudzi yoti isankhe wosauka kuposa mnzake, sipafunika kukondedwa ndi amfumu, chiphaso chokha chimanena zaka. Kuno kwathu lonjezo la ndalama za mwezi ndi mwezi kwa okalamba linamveka kwambiri pa kampeni ya 2020, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhudza okalamba. Ndimaligwirizana nalo ganizoli. Koma ndimadzifunsa kuti ngati tikulephera kulipira pa nthawi yake anthu amene tili ndi mafayilo awo, manambala awo a ntchito ndi masiku awo obadwa, tidzatha bwanji kwa agogo a m'midzi yonse? Madala a TEBA, amene anasiya mapapo awo m'migodi ya ku Joni, akhala akulembedwa mayina ndi kujambulitsa zithunzi kangapo konse, boma lililonse likubwera ndi lonjezo lake, ambiri mpaka kutsikira kulichete. Luso lolemba mayina tili nalo lochuluka.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere kalaliki uja. Iye amalandira zochepa, kompyuta yake imazima magetsi akathima, ndipo mafayilo amene ali pa tebulo lake ndi ochuluka kuposa maola a tsiku. Alipo ena, inde, amene amakuuza chapansipansi kuti fayilo imayenda bwino ikamwa fanta, ndipo amenewo ndi akuba. Koma ngakhale katangale ameneyu amamera pa kuchedwa. Palibe amene angapereke ya fanta pa chinthu chimene chimabwera chokha pa tsiku lodziwika. Fayilo itayamba kukonzedwa chaka chathunthu munthu asanapume, zosowa zonse n'kufunidwa iye akadali pa ntchito ndi pa malipiro, mwini wake n'kumalandira uthenga pa foni wonena pamene yafika, sipangakhalenso chogulitsa pakhonde paja. Kalalikiyo naye adzapuma tsiku lina, ndipo pa benchi paja malo ake alipo.

Ndalama za malume zinabwera patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Anali atamanga kale zipupa za nyumba ya zipinda zinayi ndi njerwa zootcha okha, poyembekeza kuti ndalama zikabwera afolera ndi kuika zitseko. Atabweza ngongole, zotsalazo zinakwana malata a zipinda ziwiri. Amagona m'zipinda ziwirizo. Zinazo zili pamtunda mpaka lero, mvula yadya njerwa za pamwamba, ndipo azakhali anadzalamo maungu. Jumbo ija sanaitaye, akuti mwina tsiku lina adzaitanidwanso kukatsimikiza kuti ali moyo.